Kuyenda nokha ku Tanzania: mmene mungapezere pogona mukangotsika basi

Amalawi ambiri opita ku Tanzania amayenda pagulu: amayi a geni okaoda katundu ku Kariakoo, anyamata okatenga galimoto kudoko la Dar es Salaam, a kwaya okayimba ku mpingo wina. Pagulu sipalephera kupezeka mmodzi amene anapitako kale, ndipo nkhani ya pogona imatha iyeyo akangoti "tiyeni uku". Malangizo awa ndalembera munthu woyenda yekha, chikwama chimodzi kumsana, wopanda m'bale womuchingamira pa depoti, amene akufuna kuona dziko la eni ndi ndalama zowerengeka. Ndatsata njira yodzera pa Songwe, kukwera ku Mbeya mpaka kutsikira ku Dar es Salaam, chifukwa ndi ulendo umene Mmalawi angayambire osavutika ndi viza komanso osakwera ndege.

Chachikulu pa zonse zimene ndinene ndi ichi: chipinda chimene mugonemo usiku chimasankhidwa m'mawa, pa ola limene mwakwerera basi. Wofika dzuwa lili m'mwamba amayenda, n'kuona, n'kukana, n'kusankha. Wofika mdima utagwa, miyendo itatupa, foni itatha moto, amalandira chilichonse chimene amulozera, pa mtengo uliwonse umene amuuza.

1. Konzani mapepala ndi chikwama mukadali kunyumba

Pasipoti yanu ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito. Kachiphaso kongowolokera pa boda, kamene anthu okhala m'malire amagwiritsa ntchito, sikokafikira ku Dar es Salaam. Jambulitsani tsamba lokhala ndi chithunzi chanu. Pepala limodzi muike pansi penipeni pa chikwama, chithunzi china chikhale mu foni, china mutumizire m'bale wanu pa WhatsApp. Pasipoti ikasowa, zimenezi ndi zimene mudzapite nazo ku polisi ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Dar es Salaam.

Chikwama chikhale choti mutha kuyenda nacho theka la ola osachitsitsa. Muchiyese: chiberekeni muzungulire nacho kwanuko. Chikakulemerani pamenepo, ku Mbeya chidzakuchititsani kulowa pakhomo loyamba limene mwaliona, ndipo kusankha konse kudzathera pomwepo. Muli zinthu zingapo zazing'ono zimene zimathandiza kwambiri pa nkhani ya pogona: kaloko kanukanu, katochi, patapata zolowera kubafa, sopo, tchaja ndi kabatire kosungira moto wa foni. Masoketi ambiri a kumeneko ndi a mabowo atatu ngati athu, ndiye tchaja yanu ilowa. Tengani chitenje, ngakhale muli bambo. Chimasanduka choyala pa bedi limene simukulikhulupirira, thawulo, katani pawindo lopanda kanthu, chofunda m'basi. Juzi musaisiye. Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira zenizeni. Majumbo apulasitiki asiyeni, boma la Tanzania linawaletsa kuyambira mu June 2019.

Ndalama muzigawe patatu: zogwiritsa ntchito tsikulo m'thumba lakutsogolo, zambiri m'kathumba ka mkati mwa zovala, ndi zina zochepa zobisika m'chikwama, zoti zonse zikavuta mukwerere basi yobwerera ku boda. Ngati mukudalira khadi ya ku banki, pitani ku banki yanu musananyamuke mukafunse ngati igwire ntchito kunja komanso ndalama zingati akulolezani kutapa. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno, funso limeneli si lokafunsa muli kutsogolo kwa makina ku Mbeya.

2. Werengerani ulendo kuchokera pa ola lofikira

Musayambe ndi funso loti munyamuka nthawi yanji. Yambani ndi loti mukufuna kufika nthawi yanji, kenako mubwerere m'mbuyo. Cholinga chikhale kutsika basi isanakwane 4 koloko madzulo, kuti mukhale ndi maola awiri kapena atatu a kuwala.

Wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre asayese kuwoloka tsiku lomwelo. Gonani ku Karonga. Kuchokera pa Karonga kukafika pa Songwe ndi makilomita pafupifupi 45, ndiye mukanyamuka m'mamawa mudzakhala mutadinditsa pasipoti mbali zonse ziwiri dzuwa lisanafike pamutu. Mukangowoloka mlatho wa mtsinje wa Songwe n'kuponda Kasumulu, wotchi yanu yatsalira ndi ola limodzi. Kuno ikamati 10 koloko, kumeneko ndi 11. Kuchoka pa Kasumulu kukafika ku Mbeya ndi makilomita opitirira pang'ono 100, koma msewu wake ndi wokwera, wodutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu, ndipo basi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Muwerengere maola atatu kapena kuposerapo.

Palinso china chimene chasiyitsa anthu basi ndiponso chawalipiritsa usiku wina umene sanaufune. M'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa kutuluka kwa dzuwa. "Saa moja asubuhi", ola loyamba la m'mawa, ndi 7 koloko pa wotchi ya kumeneko. "Saa kumi na mbili asubuhi" ndi 6 koloko m'mawa. "Saa nne" ndi 10 koloko. Kusiyana kwake ndi maola 6 nthawi zonse. Wogulitsa tikiti kapena wolandira alendo akakuuzani nthawi, tulutsani foni, lembani manambala ake mumuonetse, iye agwedeze mutu. Zimatenga masekondi ochepa.

3. Pa boda: ndalama ndi foni

Kwacha yathu imasinthika mosavuta pa boda pokha. Mukapitirira, mudzazungulira nayo osapeza woilandira. Choncho musachoke pa Kasumulu mulibe mashilingi okwanira basi, chakudya ndi pogona pa masiku awiri. Sinthirani pamalo ovomerezeka ndipo lisiti musunge. Kulikonse kumene mwasinthira, werengani nokha mashilingiwo, pang'onopang'ono, musanapereke zanu, ndipo mukamaliza musawabwezerenso m'manja mwa wina kuti "awerengenso". Ndalama yaikulu yapepala kumeneko ndi ya 10,000, ndipo munthu wosazolowera saona msanga kuti pakati pa mpukutu alowetsapo za 1,000. Pemphani kuti zina akupatseni zing'onozing'ono. Kondakitala ndi wa njinga yamoto sakhala ndi chenje cha 10,000 m'mawa.

Simukhadi ya kumeneko ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mapu, kuimbira malo ogona ndi kuitana galimoto zonse zimadalira iyo. Makampani odziwika ndi Vodacom, Airtel, Halotel ndi Yas, imene kale inkatchedwa Tigo. Mlendo amalembetsa ndi pasipoti yake pa shopu ya kampaniyo. Musagule simukhadi yolembetsedwa m'dzina la munthu wina chifukwa choti ndi yachangu. Ikatsekedwa, ndalama zimene mwaikamo simudzazipezanso. Ngati pa boda zakanika, mukalembetse ku Mbeya, koma mukhale mutasungiratu mapu a tauniyo mu foni mukadali ndi intaneti ya kuno, kuti azitseguka popanda bandulo.

4. Mphindi zoyamba mutatsika basi

Apa ndi pamene zambiri zimasokonekera. Chitseko chikangotseguka mudzazingidwa ndi anyamata: wina wagwira kale lamba wa chikwama, wina akukuitanani "kaka" kapena "dada", wina akulumbira kuti akudziwa malo abwino otchipa pafupi pomwepo. Ambiri mwa iwo si akuba. Ndi anthu ofuna kudya, ndipo amalandira kangachepe kwa mwini nyumba pa mlendo aliyense amene abweretsa. Kangachepe kameneko kamachokera m'thumba lanu, ndipo amakupititsani kumene kuli phindu lawo, osati kumene kuli madzi ndi loko wabwino.

Chikwama chinyamuleni nokha. Nenani mwaulemu, kamodzi, "Asante, nasubiri mtu", kutanthauza kuti zikomo, ndikudikira munthu, ndipo yendani ngati mukudziwa kumene mukupita ngakhale simukudziwa. Musatulutse foni pakati pa chipwirikiti. Pezani kamalo kodyera kapena kashopu kokhala ndi benchi, mukhale pansi, chikwama pakati pa miyendo, muitanitse tiyi kapena soda. Pakatha mphindi khumi anyamata aja amakhala atathamangira basi ina, mtima wanu wakhazikika, ndipo tsopano ndinu kasitomala wa munthu amene ali ndi malo okhazikika pamenepo.

Munthu ameneyo ndi amene mumufunse. Safunsa anadya phula, koma wofunsidwayo asankhidwe bwino. Mayi wogulitsa chakudya, bambo wa m'shopu ya mankhwala, wantchito wa mu ofesi ya matikiti, onsewa mawa adzakhala pomwepo ndipo sangafune kuti mudzabwerere ndi dandaulo. Yambani ndi moni. Ku Tanzania moni ndi wolemera ngati kwathu, ndipo munthu wamkulu mumamupatsa ulemu ndi "Shikamoo", iye n'kuyankha "Marahaba". Kenako funsani za "gesti" kapena "loji". Mukati "hoteli" ambiri adzakulozerani malo odyera. Funso labwino kwambiri ndi lakuti, m'bale wanu atabwera kuchokera kumudzi, mungamugoneke kuti? Ngati ndinu wa ku Karonga wolankhula Chinkhonde, ku Kyela, ku Tukuyu ndi ku Mbeya mudzamvana ndi Anyakyusa popanda womasulira. Gwiritsani ntchito mwayi umenewo.

5. Sankhani dera musanasankhe nyumba

Pafupi ndi depoti iliyonse pamakhala magesti ambirimbiri. Ubwino wake ndi woti ngati basi yanu ya mawa inyamuka 6 koloko m'mawa, muyenda mphindi zisanu zokha. Kuipa kwake ndi phokoso ndi anthu olowa ndi kutuluka usiku wonse. Ine ndimati yendani misewu iwiri kapena itatu kuchoka pa depoti. Mtengo umatsika pang'ono kapena umakhala womwewo, koma tulo timakhala tina.

Nyumba yolumikizana ndi bala idutseni, ngakhale penti yake ikhale yowala bwanji. Nyimbo zidzalira mpaka usiku kwambiri, ndipo zipinda zina m'malo otere zimabwerekedwa kwa maola ochepa. Mayi woyenda yekha asagone pamalo otere n'komwe. Malo amene ndimawaika patsogolo ndi nyumba za alendo za mipingo. Kudera la Mbeya ndi Rungwe mpingo wa Moravian ndi wozika mizu, ndipo Akatolika ndi a Lutheran alinso ndi nyumba zotere m'matauni ambiri a m'dzikomo. Zipinda zake sizikhala zapamwamba, koma zimakhala zoyera, pachipata pali mlonda, ndipo sakufunsani ngati ndinu wa mpingowo. Chimene muyenera kufunsa ndi nthawi yotseka geti, chifukwa ena amatseka msanga.

Zimene mwaona pa Google Maps kapena pa Booking.com zikuthandizeni kudziwa kumene malo ogona aunjikana ndi mitengo yake mwachidule. Werengani ndemanga zaposachedwa, makamaka zodandaula. Koma dziwani kuti magesti ambiri otchipa, abwinobwino, sapezeka pa intaneti, ndipo chithunzi chimene mukuonacho mwina chinajambulidwa tsiku lotsegulira nyumbayo.

6. Onani chipinda musanatulutse ndalama

Gawo ili ndi limene ndikupemphani kuti musalidumphe ngakhale mutatopa chotani. Palibe amene amagula mtsuko pamsika osaugogoda kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Mukafika pamalo olandirira alendo, perekani moni, funsani "Kuna nafasi?", ngati malo alipo, kenako "Naomba kuona chumba", ndikupempha kuona chipinda. Ndi pempho lozolowereka ndipo palibe amene amakhumudwa nalo. Akakana kukuonetsani, tsanzikani.

Mukalowa, yambani ndi chitseko. Chitsekeni muli mkati muone ngati pali chokhomera cha mkati chimene munthu wa kunja sangatsegule ndi kiyi wina. Chikankheni pang'ono. Kunja kwake muone ngati pali pokoleka kaloko kanu. Kenako windo: likutsekeka? Lili ndi zitsulo? Kuseri kwake kuli chiyani, kanjira kodutsa anthu, jenereta, kapena khitchini?

Pitani pa bedi. Vundukulani nsalu pakona ya kumutu, tukulani matiresi, muunike ndi tochi m'mphepete mosokedwa ndi m'ming'alu ya matabwa. Timadontho takuda tounjikana pamenepo ndi zitosi za nsikidzi. Yang'ananinso khoma la pafupi ndi pilo. Mizere yofiirira ya magazi ikuuzani kuti amene anagona dzulo anachezera kupha chinachake. Mukaona zimenezi musapemphe chipinda china m'nyumba yomweyo, chifukwa nsikidzi sizikhala m'chipinda chimodzi, ndipo zikalowa m'chikwama mudzapita nazo kwanu. Pa chifukwa chomwechi, pamene mukuyendera chipinda chikwama chisakhale pa bedi.

Neti imasuleni yonse, musangoiona itamangidwa m'mwamba. Muone ngati ikufika pansi pa matiresi mbali zonse ndi ngati ilibe mabowo. Kabowo kamodzi kapena kawiri mutha kumanga ndi ulusi. Ku Mbeya udzudzu ndi wochepa chifukwa cha kuzizira, koma ku Kyela, ku Morogoro ndi ku Dar es Salaam neti si nkhani yokambirana.

Kubafa tsegulani mpopi mudikire madzi atuluke. Gujumulani chimbudzi. Mukapeza ndowa yaikulu yodzaza madzi pakona, ndiye kuti madzi amasiyasiya, ndipo funsani kuti amabwera nthawi yanji. Zimenezo pazokha si chifukwa chokanira malo, bola mudziwiretu. Ku Mbeya funsani za madzi otentha, "Maji ya moto yapo?" M'malo ena amakutenthetserani mu ndowa mukapempha. Chipinda chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chake amachitcha "self", ndipo chimakwera mtengo kuposa chogawana bafa ndi ena. Kwa mayi woyenda yekha, ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera kulipira, kuti asamadutse m'khonde usiku.

Lowetsani tchaja mu soketi muone ngati foni ikulandira moto. Yatsani getsi ndi fani. Kenako imani chete kwa kamphindi mumvetsere. Pomaliza, potuluka, muone njira: moto utabuka usiku mutulukira pati? Nyumba ina imakhala ndi khomo limodzi lokha, lomwe amalikhoma ndi unyolo mlonda n'kupita kukagona. Funsani amene amasunga kiyi usiku ndi kumene amakhala.

Zonsezi zimatha mphindi zisanu. Ngati simunakhutire, nenani "Asante, nitarudi", zikomo, ndibweranso, n'kupita pena. Muone malo awiri kapena atatu. Mukatero mudzadziwa mtengo weniweni wa m'deralo popanda wokuuzani.

7. Mtengo, buku la alendo ndi lisiti

Funsani mtengo wa usiku umodzi, "Bei gani kwa usiku mmoja?", ndipo ngati manambala a Chiswahili akukusokonezani, apatseni foni alembe. Funsani ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya cha m'mawa. M'magesti ang'onoang'ono kunenerera n'kololedwa, makamaka ngati mukhala masiku angapo, koma nenererani mwaulemu. Mtsikana amene ali pa kauntala nthawi zambiri si mwini wake, ndipo sangatsitse kuposa pamene anamuuza.

Lipirani usiku umodzi wokha poyamba. Ngakhale mukufuna kukhala sabata, usiku woyamba ndi umene ukuuzeni zimene masana sanakuonetseni. Mukalipiriratu masiku asanu n'kupeza kuti kuseri kuli holo ya madansi, ndalama zanu kubwerera n'kovuta. Lipirani m'mashilingi ndipo pemphani lisiti.

Adzakupatsani buku lalikulu loti mulembe dzina, nambala ya pasipoti, kumene mwachokera ndi kumene mukupita. M'mabuku ena muli ndi malo olembapo mtundu wanu, pamene palembedwa kuti "kabila". Musadabwe nazo, kulemba Malawi n'kokwanira. Pasipoti aionetseni, alembe zimene akufuna, koma ibwerere m'manja mwanu nthawi yomweyo. Musaisiye pa kauntala ngati chikole. Funsaninso nthawi yotulukira. M'malo ambiri ndi "saa nne", 10 koloko m'mawa, ndipo mukapitirira akhoza kukuwerengerani tsiku lina.

8. Mukalowa, musanagone

Tumizani uthenga kunyumba wonena dzina la malo, dera ndi nambala ya chipinda. Tengani kakhadi ka malowo, kapena jambulani chikwangwani chake ndi msewu wake. Tauni yachilendo imasintha nkhope kukada, ndipo n'zotheka kusochera mamita 200 kuchoka pakhomo panu.

Kukadali kowala, tulukani muzungulire. Mudziwe pamene pali chakudya, shopu ya madzi akumwa, ndi njira yopita ku depoti. Idyani pamalo pamene padzaza anthu a komweko: mpunga wa nyemba, ugali umene ndi nsima yolimbirapo, kapena chipisi chokazingira pamodzi ndi mazira chimene amati "chipsi mayai". Potuluka, pasipoti ndi ndalama zambiri zikhale pathupi panu, chikwama chokhoma m'chipinda. Munthu amene mwangodziwana naye pa basi, ngakhale akhale wochezeka chotani, asadziwe nambala ya chipinda chanu, ndipo chakumwa chotsegula kale chochokera kwa iye musalandire. Mayi akafunsidwa ngati ali yekha, palibe cholakwika kuyankha kuti achimwene ake akubwera.

9. Dar es Salaam ndi nkhani ina

Zonse ndanenazi zimayenda bwino ku Tukuyu, Mbeya, Iringa ndi Morogoro, matauni oti mutha kuwayenda wapansi. Dar es Salaam ndi mzinda wa anthu mamiliyoni, wotentha, ndipo kuyendayenda ndi chikwama kufunafuna chipinda kumeneko n'kudzizunza. Kumeneko kokha sungitsiranitu malo a usiku woyamba, pa foni kapena pa intaneti, ndipo muwaimbirenso muli m'njira kutsimikiza kuti akukudikirani.

Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800. Basi yonyamuka 6 koloko m'mawa imafika usiku, ndipo siikusiyani pakati pa mzinda. Kuyambira mu 2021 mabasi a maulendo ataliatali amathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kutali ndi Kariakoo, osati pa Ubungo monga kale. Wina akakuuzani za Ubungo, dziwani kuti anapitako kalekale.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi yodula ulendowu. Gonani ku Iringa, tauni yozizira yokhala pamwamba pa phiri, msewu waukulu ukudutsa m'munsi mwake. Si malo ongogonapo chabe. Pafupi pake pali Isimila, pamene anafukula zida zamiyala za anthu akalekale, ndi Kalenga, likulu la mfumu Mkwawa ya Ahehe, imene inagonjetsa asilikali a ku Germany pa Lugalo mu 1891. Chigaza cha mfumuyi chinatengedwa kupita ku Germany ndipo chinabwezedwa mu 1954, chili m'nyumba yosungira mbiri pa Kalenga pomwepo. Tsiku lotsatira msewu umatsika phiri la Kitonga n'kudutsa pakati pa nkhalango yosungira nyama ya Mikumi, kumene mutha kuona nyamalikiti ndi mbidzi muli pawindo la basi. Mukafuna, tsikirani ku Morogoro mugone, m'mawa mukwere sitima yamagetsi ya SGR, imene inayamba kunyamula anthu pakati pa Morogoro ndi Dar es Salaam mu June 2024. Ubwino wake waukulu kwa munthu wa chikwama ndi woti imakutsitsani pakati pa mzinda, masana. Tikiti yake gulanitu.

Mukafikira ku Mbezi kukuwala, pali mabasi a mumsewu wawowawo amene amawatcha "mwendokasi". Amadzera pa Kimara kupita ku Gerezani, kufupi ndi Kariakoo, kapena ku Kivukoni. Ndi otchipa, koma m'mawa ndi madzulo amadzaza mothinana, ndiye chikwama chiberekeni kutsogolo. Mukafuna galimoto, itanani ya Bolt pa foni ndipo muone kuti nambala ya galimoto ikugwirizana ndi imene yalembedwa. Galimoto zololedwa kunyamula anthu pa malonda zimakhala ndi nambala yoyera, za anthu wamba yachikasu. Galimoto ya munthu wongodzipereka kuti "ndikuperekezeni", makamaka muli kale anthu ena mkatimo, musakwere. Alendo ena anaberedwa m'njira imeneyi, kuzunguliridwa nawo pa makina a banki mpaka ndalama zonse kutha.

Ku Kariakoo malo ogona ndi ochuluka, ndipo Chichewa ndi Chitumbuka mudzazimva m'misewu yake. Nyumba zambiri ndi zosanjikizana, ndiye funsani kuti chipinda chili pa nsanjika yachingati komanso ngati magetsi akazima pali jenereta, chifukwa chipinda cha pamwamba chopanda fani yozungulira sichigoneka. Misewu imene masana simungapeze popondapo imakhala pululu mashopu akatseka. Bwererani kuchipinda msanga.

Wopitirira ku Zanzibar agule tikiti ya boti pa windo la kampani yake padoko, osati kwa anthu a pamsewu, ndipo pasipoti ikhale pafupi chifukwa amaionanso pofika. Ku Stone Town, mbali yakale ya mzinda wa Zanzibar, tinjira ndi tating'ono, tokhotakhota, galimoto sizilowa. Uzani a malo amene mwasungitsa kuti atumize munthu adzakutengeni padoko. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadyere pamsewu masana.

10. Basi ikachedwa n'kufika usiku

Zidzachitika tsiku lina: tayala laphulika, msewu watsekeka, mwafika 11 koloko usiku. Musadikire kutsika kuti muyambe kuganiza. Mukaona kuti dzuwa likulowa mukadali kutali, lankhulani ndi kondakitala kapena mayi wachikulire amene mwakhala naye pafupi, akuuzeni malo odalirika oyandikira depoti, ndipo muimbiretu foni. Usiku umenewo si wofunafuna zotchipa. Tengani malo apafupi, owala, okhala ndi mlonda, ngakhale akwere mtengo, ndipo muonebe chokhomera cha chitseko ndi matiresi. Zosamukira kwina muziona kukacha.

Ngati palibe chimene chikuoneka chodalirika, musayende mumdima ndi chikwama. Khalani mkati mwa depoti pamene pali magetsi ndi anthu ena odikira kucha, pafupi ndi amayi a ana kapena ofesi ya kampani ya basi. Funsani kondakitala ngati amalola apaulendo kukhala m'basi mpaka m'mawa, ena amalola. Lamba wa chikwama mumukolowetse kumwendo.

11. Konzani zochoka dzulo lake

Tikiti ya ulendo wotsatira gulani masana a dzulo lake, pa ofesi ya kampani ya basi, ndipo muone kuti palembedwa tsiku, nthawi, nambala ya mpando ndi malo okwerera. Matauni ena ali ndi madepoti awiri, ndiye funsani kuti basi yanu inyamukira iti. Madzulo malizani kulipira zonse, longedzani chikwama, ndipo uzani mlonda nthawi imene mutuluke kuti geti lisadzakhale lokhoma iye ali m'tulo. Ngati depoti ili patali ndipo mutuluka kusanache, pemphani a pa kauntala akuitanireni wa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, kapena wa njinga yamoto amene amamudziwa, mugwirizane mtengo usiku womwewo, ndipo nambala yake ya foni muisunge.